Zala Zanga ndi Golovesi la Ofufuza

Chizindikiro choyamba chinabwera m'nyengo yozizira, ndikuluka kasitomala mu saluni yathu ya m'kontena ku Gugulethu. Chipeso chinagwa m'dzanja langa lamanja, ine osamva. Ndinati ndi dzanzi la chisanu, ndipo ndinagona nalo. Kutacha, pakamwa panali patapotoka. A Asiyatu, anzanga a ku Machinga amene timagwira nawo ntchito m'kontenamo, ananditengera kuchipatala pa takisi.

Adokotala anati ndi sitiroko, yobwera ndi BP imene sindinkayezetsa. "Mama, mukanabwera dzulo, tikanapulumutsa zambiri," anatero.

Miyendo inachira msanga, koma zala sizinkamva kanthu. Ku saluni ndinkangokhala pakona, n'kumayang'ana zala za a Asiyatu zikuthamanga m'mitu ya makasitomala anga. A Asiyatuwo ankandiphikira, ankandisambitsa, komabe mtima unkandiwawa. Wina akati a Asiyatu ali ndi dzanja lofewa, ndinkatuluka panja.

Ku fiziyo, kumene odwala timaphunzitsidwa kugwiritsanso ntchito ziwalo, anandifunsa ngati ndingalowe nawo m'kafukufuku wa ophunzira a ku yunivesite. Lachiwiri lililonse tinkadikira pabenchi, kenako ankatilowetsa m'chipinda n'kutiveka magalasi ophimba maso ndi golovesi la timawaya. M'magalasimo umaona mpira umene kulibe. Ukaugwira, golovesi limanjenjemera n'kukufinya nsonga za zala, kuti ubongo uphunzirenso kumva.

Pabenchipo ndinkakhala ndi a Nomsa a ku Khayelitsha, odwala ngati ine, koma achikulire. Pasanathe mwezi anatuluka m'chipindamo akuseka, ati aumva mpirawo. Ine ayi ndithu. Ndinawayamikira ndi pakamwa pokha, ndipo m'takisi ndinalira. Iwo zala zawo n'zongonyamulira zidzukulu, ine zanga n'zodyera.

"Mitsempha ya anthu sidzuka tsiku limodzi," anesi anandiuza. "Musasiye kubwera."

Patapita miyezi, ofufuzawo anandifunsa ntchito yanga, n'kundiikira m'magalasimo zingwe zitatu zoti ndiziluka. Tsiku lina ndikuluka, chala chachikulu chinamva ngati nyerere ikuyendapo. Chitamvanso kachiwiri m'pamene ndinawauza ofufuzawo.

Lero ndimaluka mitu yosavuta, pang'onopang'ono. Zala ziwiri zidakali zadzanzi. Makasitomala ambiri anatsalira kwa a Asiyatu, ndipo akamawaluka ndimayang'anabe kumbali. Mankhwala a BP sindidumphitsa. Anzanga, dzanzi likakugwirani mbali imodzi, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale mutu wa kasitomala utsale theka.