Nyimbo za M'chigafa

Mayi Esitere ankaphunzitsa ana a kwaya ku Santhe, iwo akutsogolera, ana akuvomera, mpaka nyimbo ikhazikike. Chaka chimene makuponi a feteleza anayamba, pa esiteti yapafupi panafika tenanti wa ku Phalombe, dzina lake Anesi. Iye ankangodziyimbira posoka fodya m'chigafa, ana n'kumamuzungulira.

Tsiku lina mayi Esitere anamva mwana wawo akuyimba nyimbo yachilendo.

"Wakuphunzitsa ndani imeneyo?"

"Palibe, amayi. Tinangomva kwa aAnesi."

Zinawawawa mumtima, moti analetsa ana onse kupita kuchigafako. Fodya atagulitsidwa, Anesi anabwerera kwawo, koma ana anapemphabe kuti akayimbe nyimbo yake kutchalitchi. Mayi Esitere anakana, n'kuyambitsa yawo yakale mokweza mawu. Ana anavomera mofooka.