Chiliza cha bambo anga

Nditamaliza maphunziro a za miyala ku Glasgow, ndinapeza ntchito pa kakampani kena kolangiza anthu ogula masheya a migodi. Ndinkakwera sitima m'mawa ku Shawlands, dera limene ndinkakhala, n'kukakhala kumapeto kwa tebulo pamene azibambo a mataye ankakangana za kuchuluka kwa golide mu tani imodzi ya miyala. Phiri limene ankakanganiralo linali la kwathu. Iwo ankalitchula ndi nambala, pomwe ine ndinakulira m'munsi mwake.

Tsiku lina zotsatira za miyala imene anaboola m'phirimo zinafika. Azibambo aja anasangalala ngati kwabadwa mwana. Nditayang'ana pa mapu, ndinaona kuti malire a mgodi umene ankafuna kutsegula ameza manda a m'mudzi mwathu, momwe agona bambo anga. Loya wa kampani anatikumbutsa lamulo: osauza munthu, ngakhale mkazi wako, mpaka nkhaniyo ilengezedwe ku msika wa masheya, kuti ogula onse amve nthawi imodzi. Akuti chilungamo n'chimenecho. Za anthu okhala pamwamba pa golideyo lamulolo silinkanenapo kanthu, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Sabata yomweyo amayi anaimba foni.

"Mwanawe, tagwirizana ndi amalume ako. Tikakolola timanga chiliza cha bambo ako. Njerwa ndawotcha kale."

"Amayi, tadikirani kaye. Musamange chaka chino."

"Chifukwa chiyani?"

"Sindinganene panopa. Ndi za kuntchito."

"Ntchito yake iti yoletsa munthu kulemekeza bambo ake?"

Ndikanaulula, ntchito ikanatha, chilolezo chokhalira kuno n'kupita nayo, mwinanso n'kukaonekera kukhoti. Ndinangobwereza kuti adikire.

Posakhalitsa mudzi wonse unamva kuti mwana wa kunja uja wakaniza chiliza. Amalume ankauza aliyense kuti sukulu yandizunguza mutu. Amayi anamanga ndithu, mwamakani, chachikulu kuposa chomwe ankaganiza poyamba. Zithunzi za mwambowo ndinazionera pa foni ya munthu wina kutchalitchi.

Nkhani ija italengezedwa, masheya anakwera mtengo. Mu ofesi anatsegula vinyo, bwana n'kundigwira paphewa amvekere anthu akwanu achita mwayi. Ndinamwetulira, chifukwa pa ntchito ya eni umamwetulira. Kumudzi anadziwa mochedwa, ataona anthu a mgodi akukhoma zikhomo mozungulira manda.

Ndinaimba foni ndikuganiza kuti tsopano andimvetsa.

"Ndiye kuti unkadziwa," anatero amayi.

"Eya, amayi. N'chifukwa chake ndinati mudikire."

Ndinkamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo.

"Chabwino, mwanawe. Akabwera kudzafukula, ndidzawauza kuti mwana wa malemuwa ndi mnzawo. Mwina adzakumba mosamala."