Apongozi apereka khumi

Mwaswera bwanji nonse?

Masana ano kuno ku Lang'ata timalawa zakumwa zoti tidzapatse alendo pa chinkhoswe cha mwana wathu Tadala. Ine ndinasakaniza mango ndi jinja. Bambo a Tadala anati poti kunja kukuzizira, atenthetse juwisi wa maapulo, ndipo anathiramo sinamoni ndi vinyo.

Woweruza anali apongozi anga, amayi awo, amene chibadwire sanalawepo mowa. Atalawa changa anati, "Ichi ndachipatsa zisanu pa khumi, jinja wachuluka." Tisanawaletse, anatenga tambula ya mwana wawo n'kugugudiza yonse.

"Koma ichi ndiye khumi! Mwathiramo chiyani?"

Bambo a Tadala anangoti, "Maapulo, amayi."

Panopa apongozi ali kukhitchini, akuyimba nyimbo zakwaya mokweza kwinaku akuvina.

Abale, tiwauze lero kapena tidikire chinkhoswe chidutse?