Ndinati ndi kalabala ka klachi, iwo anatsitsa giyabokosi

Galaja ija ya magalimoto akale, ili kuseri kwa mashopu ku Fish Hoek, yandipsetsa mtima. Dzina sinditchula. Inu Amalawi anzanga a m'gulu lino amene mumagwira ntchito mbali ino mukuidziwa, ya chitseko chofiira.

Ine ndimasamalira agogo ena achizungu, tonse timangoti Oupa. Chaka chachisanu chino. Maso awo anafooka, ndiye ndimawayendetsa ndine pa galimoto yawo yobiriwira, yakalekale, ya magiya anayi, yomwe anakwera tsiku la ukwati wawo. Akazi awo, Ouma, anali kunyumba yosungirako okalamba. Ukalamba unawasokoneza mutu. Anaiwala ana awo, anaiwala ndi nkhope ya amuna awo yomwe. Chimodzi chokha sanaiwale, galimoto ija. Lamulungu lililonse 3 koloko ndinkaimika pansi pa windo lawo n'kuliza hutala kawiri. Ouma ankasuzumira, n'kuwomba m'manja, amvekere mwamuna wanga wabwera. Oupa akatsika m'galimoto imeneyo anali mwamuna wawo kwa ola lathunthu. Akafika mwanjira ina anali mlendo chabe.

Gwirani pamenepo, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo.

Magiya anayamba kulimba. Giya yoyamba kuti ilowe, mpaka kuikankha ndi manja awiri. Rivesi inkachita kukukuta mano. Ine si mmisiri, koma bambo anga anali makaniko ku Mzuzu, ndipo makutu ndinawatchera. Ndinazimitsa injini, magiya onse n'kumalowa myaa. Kuliza injini, gwa! Kupopa klachi katatu, giya n'kulowa. Nditatsegula boneti ndinapeza mafuta a klachi atsala pansi penipeni. Nditawerama ndinaona pansi ponyowa. Kalabala kotseka mafuta a klachi katha, mafuta akudontha, mpweya walowa. Basi.

Lolemba 8:15 m'mawa ndinafika pagalajapo. Ndinafotokoza zonsezi chimodzichimodzi. Mwini galaja anandimvera ngati akumvera wailesi ya kwa aneba. Ananditchula kuti sisi, n'kundifunsa kuti laisensi ndinaitenga dziko liti. Akuti azimayi ambiri timaponda klachi theka, kenako n'kumanamizira galimoto. Akuti magalimoto otere anayamba kuwakonza ine ndisanabadwe.

Pambali pake panali makaniko wake, pa ovolosi palembedwa Steve. Nkhope yakwathu, mayendedwe akwathu. Ndinati muli bwanji achimwene. Anandiyankha m'Chingerezi kuti sakumva zomwe ndikunena. Chabwino.

Ndinawapempha kuti angowerama, aone ponyowapo. Kuwerama kokha. Mwini galaja anati aona "just now". Inu obwera kumene, phunzirani lero: "just now" wa kuno si tsopano ayi. Akhoza kukhala mawa, akhoza kukhala pa Khirisimasi. Ndinawauzanso kuti galimotoyi ikufunika Lamulungu, zivute zitani, ndipo chifukwa chake ndinanena. Anagwedeza mutu uku akuyang'ana foni. Anandipatsa pepala loti afufuze vuto, ine n'kusaina.

Pamenepo ndiye ndinalakwa, ndipo ndikuvomera. Kwathu tinaleredwa kuti mmisiri sukangana naye pantchito pake. Ndinanena zikomo, n'kusiya makiyi. Ulemu umenewo ukundiwawa mpaka lero.

Lachitatu 10:40 ndinapitanso. Galimoto ili m'mwamba, giyabokosi ili pansi, yang'ambidwa ngati nkhuku ya alendo. Ndinafunsa kuti wakutumani ndani. Akuti pepala lija. Nanga mwapezamo chiyani? Akuti m'kati muli bwinobwino, ndiye ndisangalale. Ndisangalale! Kungoti potsegulapo kachitsulo kena kosuntha magiya kathyoka, akuti kanali kotopa kale, ndipo ka galimoto yakale chonchi mpaka akafunefune kutali, mumzinda wa Joni.

Ndinafunsa ngati ayang'anako kalabala kaja. Akuti "just now".

Lamulungu loyamba tinapita pa takisi. Oupa anavala jekete lawo la masiku onse, maluwa ali kumanja. Ouma anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa nesi kuti bamboyu akufuna chiyani. Anati iwo akudikira amuna awo, ndipo mlendoyu achoke pawindo akuwatchinga. Oupa anakhala pampando wapakona ola lonse, maluwa ali pamwendo.

Sabata yotsatira ndinaimba foni kasanu ndi kawiri. Kachitsulo kali m'njira. Kachitsulo kafika koma si kake. Bwana atuluka. Bwana ali pansi pa galimoto ina. Ina! Ya wina amatha kuwerama?

Lamulungu lachiwiri ndinachita kumupempha wa takisi kuti aime pansi pa windo paja, alize hutala kawiri. Analiza. Katani inasuntha, Ouma anasuzumira, anaona galimoto yoyera, n'kutseka katani. Nesi anatinong'oneza kuti masiku amenewo Ouma sankadya bwino, ankangokhalira pawindo. Ine ndinalira m'takisimo, sindibisa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba 7:50 anandipeza pakhomo pa galaja asanatsegule. Mwini galaja anati ndisamuphunzitse ntchito, ndipo ngati ndikudziwa kwambiri ndibwere ndi ovolosi yanga. Analowa mu ofesi n'kumenyetsa chitseko. Nthawi yomweyo chisipanala chachikulu chinamupulumuka Steve n'kugwera pachala chakuphazi.

"Mayo ine, ndafa!"

Ndinatembenuka. "Aa, achimwene, Chichewa chabwera ndi sipanala?"

Anayang'ana ku ofesi, n'kutsitsa mawu. "Achemwali, musandiyalutse. Ndine wa ku Mulanje. Bwanayu safuna tiziyankhula zakwathu ndi makasitomala."

"Ponyowa paja munapaona?"

"Tsiku lomwe lija. Koma bwana akanena kuti giyabokosi, ndi giyabokosi. Ndili ndi ana atatu kukomboni ku Masi, ine ntchito ndikuifuna. Dekhani, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yake iti? Mayi uja akutha pawindo, inu mukundiuza miyambi?"

Anangowerama n'kumasisita chala. Kuwerama amatha, abale.

Lachinayi 11:20 m'mawa foni inalira, yochokera kunyumba ya okalamba. Ouma atisiya. Ndine ndinawauza Oupa, ndili chogwada pafupi ndi mpando wawo. Funso lawo loyamba linali loti kodi anali pawindo. Ndinati sindikudziwa. Ndinkadziwa.

Lachisanu 2:05 masana foni ina. Mwini galaja, mawu ali mwaa, akuti uthenga wabwino, galimoto yatheka. Akuti aitsukanso ulere. Chilala chonsechi, ife tikusamba m'kandowa n'kusunga madzi ake othira kuchimbudzi, iwo madzi otsukira galimoto anawapeza. Mphindi ziwiri zowerama ndi zomwe zinasowa.

Nditapita, pepala lawo la malipiro linali la R6,400. Mzere womaliza, pansi penipeni, kalabala ka klachi, R85. Steve anandiperekeza mpaka pageti n'kundiuza monong'ona kuti atabwezeretsa giyabokosi magiya anali olimbabe ngati kale. Ndiye anasintha kalabala, n'kuchotsa mpweya. Mphindi makumi anayi, ntchito yatha. Mwini galaja sanapepese. Anati nkhani ya Ouma ndi yachisoni, koma pa magalimoto akale umayenera kutsimikiza chilichonse.

Tsiku la maliro ndinayendetsa galimoto yobiriwira ija pambuyo pa bokosi. Magiya ankalowa ngati mpeni m'papaya. Giya iliyonse ikalowa, ine mtima kuwira. Titafika pageti la kumanda Oupa anandigwira dzanja n'kunena kuti ndilize kawiri. Ndinaliza.

Tsono inu abale a m'gulu lino, amene mabwana amakutumani ndi magalimoto awo, mverani. Magiya akalimba, yesani kaye injini ili chizimire. Onani mafuta a klachi. Musasaine pepala longoti afufuze, alembe chomwe akukagwira. Ndipo ulemu wakwathu uja muziusiya pageti, chifukwa kuno amauyesa umbuli. Inunso achimwene a ku Mulanje, za ana ndamva, koma pakamwa munali napo.

Kwa inu a chitseko chofiira, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani izi. Ndiyankheni. Munakana kuwerama chifukwa ndine mkazi, kapena chifukwa ndine wa ku Malawi, kapena zonse ziwiri? Ndalama zanu sungani, Oupa sakuzifuna. Akufuna mubwere muwauze pamaso chifukwa chimene ntchito ya mphindi makumi anayi inadyera masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Musati "just now". Bwerani Lamulungu lino, 3 koloko. Muwapeza pakhomo atavala jekete, chifukwa alibenso kopita.