Kalata Yochotsa a Luhanga

Ine ndine Agnesi Nankhoma wa ku Njombwa, ndipo ndisabise mawu: kalata yopempha kuti aphunzitsi a Gomezgani Luhanga achotsedwe pasukulu yathu ndinalembetsa ndine. Nthawi imeneyo ndinali wapampando wa komiti ya makolo, ndipo pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Ondidziwa akhoza kuchitira umboni.

A Luhanga anabwera kuno zaka zitatu zapitazo kudzaphunzitsa Sitandade 7. Kwawo ndi ku Kaluluma, moti pothokoza nthawi zina amaiwala n'kunena kuti "yewo". Ndi munthu wamtali, woonda, wa nsapato zopukuta bwino koma zakutha kuchidendene. Akazi awo, a Sellah, ndi mayi wofatsa. Kuseri kwa nyumba yawo ya pasukulu ankangodzala mpiru ndi tomato m'masaka. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Amayi, malo onsewa akungokhala? Bwerani kwathu mudzatenge mphukira za nthochi." Anamwetulira n'kundiyankha kuti nthochi zimafuna munthu wokhalitsa, pomwe iwo anali atasamutsidwa kale kawiri. Chimene anawasamutsira sindinafunse.

Sitinachedwe kuchidziwa. Bambo amenewa sayankha funso! Mwana akakweza dzanja kuti, "Aphunzitsi, izi zimatheka bwanji?" iwo amapinda manja n'kumuyang'ana mwachifatse: "Nanga iwe ukuti bwanji?" Mwana akayankha zolakwika samukalipira ayi, amangofunsanso kuti, "Tingadziwe bwanji kuti n'zoona?" Pasanathe mwezi ana anawapatsa dzina loti a Nanga-Iwe, ndipo dzinalo linafika mpaka kuchigayo.

Chimene chinawapangitsa kukhala otero ndinachimva mochedwa, kwa a Sellah. Bambo awo a Luhanga anagwira utenanti pa esiteti ya fodya kwa zaka makumi awiri. Kapitawo akati thira apa, ankathira. Akati dula apa, ankadula, ndipo fodya ankatuluka wokongola. Esitetiyo itatsekedwa, mkuluyo anabwerera kumudzi kukalima fodya wakewake. Chaka choyamba chomwecho nazale yonse inafa. Anakhala pachulu tsiku lonse manja ali m'masaya, osadziwa n'komwe poyambira kufufuza. Mwana wawo Gomezgani anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anaona zonsezo. Akuti mpaka lero amanena kuti bambo awo ankadziwa kugwira ntchito iliyonse ya fodya, koma palibe anawauzapo chifukwa chake.

Koma ife makolo zimenezo sitinkazidziwa. Chimene tinkaona ndi makope. Ana a makalasi ena ankabwera ndi manotsi odzaza masamba, pomwe mwana wanga Tithokoze kope lake linali la mizere, manambala ndi zojambula za mbuzi. Ee, mbuzi! Pasukulupo anadzala timitengo, mbuzi n'kumadya. M'malo molamula kuti ana amange mpanda monga achitira aphunzitsi anzawo, a Luhanga anagawa ana m'magulu atatu kuti gulu lililonse lipeze njira yake. Ena anatchinga ndi minga, ena anasanja njerwa, koma gulu la Tithokoze linasungunula ndowe za mbuzi m'madzi n'kumawaza pamasamba. Mbuzi zinasiyadi kudya, koma mwana wanga ankafika pakhomo akununkha khola. Nditamufunsa kuti, "Kodi ukupita kusukulu kapena kubusa?" anandiyankha kuti, "Nanga inu amayi mukuti bwanji?" Ndinamuthamangitsa ndi chipande mpaka kuseri kwa nkhokwe.

Basi, ndinaitanitsa msonkhano. Ndinalankhula mpaka kummero kuuma: mayeso a Sitandade 8 sali kutali, ana alibe manotsi, aphunzitsi amalandira malipiro kuti aziyankha, osati kufunsa. Makolo makumi atatu ndi mmodzi anasayina, ena kudinda chala. Tinagwirizana kuti Lachisanu la sabata yotsatira ndidzapalase njinga ndekha kukatula kalatayo kwa a PEA, amene amayang'anira masukulu a m'dera lathu. Ndinaiika m'Baibulo kuti isakwinyike.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthawi yosamala nazale ya fodya kudimba. Ife tinali ndi mabedi anayi. Chifukwa chokangana pa zothirira, ine ndi amuna anga a Vincent tinagawana: awiri anga, awiri awo. Iwo ankathirira m'mawa ndi madzulo, basi, n'kupita ku bawo. Udzu wophimbira ankaupatulira msanga, ine n'kumati ndi ulesi wosafuna kukamweta wina. Ine ayi! Mbande zanga ndinkazithirira kanayi pa tsiku, udzu n'kuwonjezera kuti dzuwa lisaziwotche. Ndinkazilera ngati khanda.

Ndiye taonani zodabwitsa: mabedi anga ndiwo anayamba kufa. Mbande zinkagwa malo ozungulira ngati lichero, lero apa, mawa apo. Ndinagula mankhwala ku Santhe tsiku la msika, ndinapopera, osathandiza. Kenako ndinakumbukira kuti mlamu wanga Lena anadutsa kudimbako n'kunena kuti, "Koma mbande zanu chaka chino, mlamu!" Aa, mtima wanga unangoti ndi yemweyu. Ine mayi wa Mvano, wovala yunifolomu yoyera Lachinayi lililonse, ndinayamba kufunsa mwakachetechete kumene kuli sing'anga wodziwa.

Loweruka m'mawa Tithokoze, amene anandimva ndikung'ung'udza za Lena, ananditsatira kudimba, kope lake la mbuzi lija lili m'manja.

"Amayi, azakhali a Lena anadutsa mbali iti?"

"Uko, kanjira kakumunsiko."

"Kumene kuli mabedi a ababa?"

"Eya. Nanga bwanji?"

"Ndiye bwanji a ababa sakufa, akufa ndi anu amene ali kutali ndi njira?"

Mwanayo anagwada n'kuzula kambande kamodzi kodwala. Masamba anali abwinobwino, koma patsinde, polekezera dothi, panali pakuda ndi poonda ngati ulusi. Anapisa chala m'bedi langa, chinatuluka ndi matope. Anakapisa m'bedi la abambo ake, chinatuluka ndi dothi lonyowa pang'ono chabe. Atatukula udzu wanga, pansi pake panali nkhungu yoyera, ndi fungo la chinthu chowola.

"Mbewu ndi imodzi, chitsime ndi chimodzi, feteleza ndi yemweyo," anatero akulemba m'kope. "Chosiyana n'chiyani, amayi? Inu mumathira makeni angati a madzi?"

"Iwe mwana iwe! Ukufuna kunena kuti ulesi wa abambo ako ndiwo ulimi?"

"Sindikudziwa, amayi. Tiyeni tione."

Anatenga chingwe chosokera fodya n'kudula bedi limodzi pakati. Anati mbali iyi ndipitirize monga ndimachitira, mbali inayo tipatulire udzu ndipo ndizithirira kawiri kokha. Anazika timitengo kuzungulira malo onse amene anali atafa kale, kuti tidzaone ngati akukula. Ndinavomera, osati chifukwa chokhulupirira ayi, koma kuti ndidzamuchititse manyazi pamodzi ndi a Nanga-Iwe akewo.

Manyazi anagwira ine. Pofika Lachinayi, mbali yanga ya madzi ambiri imfa inali itadumpha timitengo tija n'kupitirira. Mbali inayo inaima pomwepo, mbande zili njo! Ndiye kuti mbande zanga ndinkazipha ndekha ndi chikondi, ndipo mlamu wanga ndinamunamizira ufiti pachabe. A Vincent anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndinkakuuzani ine, amake Tithokoze, fodya safuna phuma." Bodza lenileni, sanandiuzepo chilichonse, iwo ankangothamangira bawo.

Masana omwewo ndinamanga kalata ija pachitenje n'kupita kwa a Luhanga. Nditalowa, mtima unandipweteka. Pabalaza panali makatoni omanga kale ndi zingwe, ndipo a Sellah ankakulunga mbale m'manyuzipepala akale. Nkhani ya kalata inali itawafika, nanga kumudzi kuno chimabisika n'chiyani? Anandipatsa mpando ndi madzi akumwa ngati palibe chimene ndawalakwira.

Ndinafotokoza zonse, za mbande, za chingwe, ngakhale za Lena. A Luhanga anamvetsera, kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Tithokoze anasiya mbali ina osaisintha?" Nditati eya, nkhope yawo yonse inawala. Za kalata sanafunse n'komwe.

"Aphunzitsi," ndinatero, "kalatayi ndiyenera kukaipereka mawa. Kung'amba ndekha sindingathe, muli mayina a anthu makumi atatu amene ndinawakopa ndine. Ndithandizeni nzeru, nditani?"

Anapinda manja. Ndinaona ndithu pakamwa pakukonzeka.

"Nanga inu mukuti bwanji, amayi?"

Abale inu! Munthu ntchito yake ili pa ulusi, mbale zili m'makatoni, koma khalidwe osasiya! Ndinatsala pang'ono kuvula silipasi. A Sellah anaseka mpaka mbale kuwapulumuka, ine n'kutuluka ndikung'ung'udza. Koma ndili m'njira mutu unayamba kugwira ntchito. Anthu aja ndinawakopa ndi pakamwa. Ndikapitanso ndi pakamwa pomwepo adzati Agnesi wadyetsedwa chibanzi. Panafunika aone ndi maso awo.

Lachisanu m'mawa njinga sinatuluke. Ndinatuma uthenga kuti onse osayina abwere kudimba kwanga. Atasonkhana, ndinachita chinthu chovuta kwambiri pa moyo wanga: ndinakhala chete. Ndinangoloza bedi la chingwe lija n'kufunsa kuti, "Mukuona chiyani?" Onsewo ndi alimi a fodya, sanachedwe kugwada. Wina anapisa chala m'dothi, wina anazula mbande, ena anayamba kutsutsana za udzu. Amayi awiri anaulula kuti kwawonso mbande zikugwa chimodzimodzi. Atafunsa kuti mlangizi wake ndani anandiuza zodula bedi pakati, ndinaloza Tithokoze, amene anaima potero ndi kope lake, manyazi atamugwira.

Si onse anagonja. A Prosper, amene mwana wawo anabwereza kale kalasi, anati zonsezo n'zabwino koma pamayeso safunsa za nazale ya Nankhoma. Anali ndi mfundo, sindingakane. Tinatumiza mawu kwa a Luhanga, ndipo anavomera kuti kawiri pa sabata azilembetsa manotsi pabolodi, bola ana ayambe ayesa okha. Pamenepo anthu anayamba kufufuta mayina awo mmodzimmodzi. Dzina loyamba pamwamba linali langa, ndipo ndinalikhwatcha mwamphamvu mpaka pepala kubooka. Otsala anali ochepa moti a Prosper anangopinda kalatayo n'kuika m'thumba, akuti ikawathandiza kuyatsira moto.

Kwa Lena ndinapita ndi nkhuku. Sindinamuuze chifukwa chake, ndipo mpaka lero amandiyang'ana modabwa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamva "odi" pakhomo. Anali a Sellah, atanyamula khasu ndi beseni lopanda kanthu.

"Amake Tithokoze," anatero motsitsa mawu, "nthochi munkanena zija zikadalipo?"

Ndinawalanda khasulo msanga, chifukwa misozi inali italengeza kale ndipo sindinkafuna aione. Ndinapita kuseri n'kuwakumbira mphukira zitatu, zonenepa kuposa zonse.