Mphini za pa mapensulo a Mzumara

A Hudson Mzumara a ku Zolozolo ankajambula mapu a mvula ku ofesi ina ya zaulimi mu Mzuzu, koma chibadwire sanaonepo kusiyana kwa chofiira ndi chobiriwira. Kwa iwo zonsezo zinali ngati matope a m'dambo. Ndiye tangoganizani, munthu wotere m'dziko la mbendera ya mitundu itatu, iwiri mwa itatuyo n'kukhala yomweyo! Pa zikondwerero za chipani ankaimirira bwinobwino n'kuombera m'manja nsalu yakuda ndi matope.

Ku ofesi palibe ankadziwa. Akanadziwa, ntchito ikanathera pomwepo, ndipo bamboyu analibe luso lina. Ngakhale munda wa kwawo ku Ekwendeni anali atausiyira abale kalekale.

Amene ankadziwa ndi akazi awo okha, a Dinah NyaLuhanga. Iwowa anatulukira ukwati udakali watsopano, atawatuma tomato ku msika, bambo n'kubwera ndi wosapsa yekhayekha, kwinaku akudzitama kuti asankha ngati katswiri. Mayi sanaseke, sanalalate. Anatenga kampeni n'kutema mphini pa mapensulo a ku ntchito: imodzi pa yofiira, ziwiri pa yobiriwira. Kuyambira pamenepo mapu aliwonse ankayamba adzera ku Zolozolo mu envelopu. A NyaLuhanga akati ali bwino, m'pamene ankafika pa tebulo la bwana.

Mu 1990 ku ofesi kunabwera kompyuta. Anzawo ankaidutsa chapatali ngati ili ndi mano, koma a Mzumara anaikonda chomene. M'menemo mtundu uliwonse unali manambala atatu basi, ya kufiira, ya kubiriwira, ndi ya buluu. Umalemba manambala a mtundu wa kouma, n'kulembanso a mtundu wa kwa mvula yambiri, makinawo n'kudzaza okha mitundu ya pakati, kusintha pang'onopang'ono. Manambala safuna mphini. Komabe envelopu sinasiye kupita ku Zolozolo, poti chizolowezi sichimva za kompyuta.

Chionetsero cha zaulimi chitayandikira, a Blackson, mkulu wa ofesi, munthu wosavula baji ya chipani ngakhale pa maliro, analamula mapu a chigawo chonse cha kumpoto. Anati kouma kufiire, kwa mvula kubiriwire, monga pa mbendera, popeza kukubwera alendo akuluakulu.

A Mzumara analemba manambala, kusindikiza, n'kupita nawo kunyumba. A NyaLuhanga anawayandikiza kumaso, kutuluka nawo pakhomo, kuwatembenuza, kenako anati ali bwino. Tiyi wa tsiku limenelo anali wamchere. Bambo anamwa osadandaula, akuti mayi angotopa.

M'mawa mwake a Blackson anayala mapuwo pa tebulo n'kuwayang'anitsitsa. Ku Nkhata Bay, kumene mvula siidziwa kukata, kunali psuu. Ku Bolero, kumene chimanga chinali chitafota, kunali biriwiri. Manambala anali atasinthana malo.

"A Mzumara, maso anuwa akuona bwinobwino?"

Zaka zonse zija a Mzumara ankaopa funso lomweli, ndipo linabwera popanda ngakhale odi. Anayankha kuti chala chinangophonya, akonza pompano. Atafika pa chitseko anatembenuka mwaulemu.

"Kungoti bwana, ndikakonza, ku Bolero kufiira. Alendo akafunsa amene anapaka mtundu wa pa mbendera pa chilala, nditchule dzina liti?"

A Blackson anagwira baji yawo ngati yayamba kuotcha. Masiku amenewo njala sinkatchulidwa mokweza, ndiye kuli bwanji kuiveka mbendera? Analamula kuti mapuwo apakidwe mtundu wina uliwonse, bola usakhale wa pa mbendera. A Mzumara anathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene.

Anasankha chikasu kouma ndi buluu kwa mvula, mitundu imene ankaiona kuyambira ali mwana. Pepala likutuluka m'makina anaona chikasu cha ku Bolero chikuzirala, chikuderako, mpaka kusanduka buluu m'mapiri a Viphya. Anali mapu oyamba amene anawawerenga ndi maso awo. Anasangalala ndithu, tisabise.

Koma chisangalalocho chinathera pa mtunda wopita ku Zolozolo. Mayi amene ankazindikira tomato wosapsa ali patali, analephera bwanji kuona Nkhata Bay yense ali psuu? Nanga tiyi uja?

Anawapeza atakhala pakhonde. Anagwada n'kuwayang'ana m'maso momwemo, chinthu chimene anali asanachite kwa nthawi yaitali, ndipo anaona ng'ala, yoyera mbuu, m'maso onse awiri. A NyaLuhanga sanakane. Anati zinayamba dzinja lapitalo, ndipo pa mapu ankangoona utsi.

"Nanga ndikanati sindikuona, inu mukanafunsa ndani?"

A Mzumara anachita manyazi. Miyezi yonseyo ankabweretsa mapepala kwa maso amenewa osayang'anamo. Anati mawa akapempha tchuthi kuti apite nawo kuchipatala, ndipo envelopu ya mapu achikasu ndi buluu anangoiponya pampando osaitsekula.

Kenako analowa kukhitchini, kutenga kampeni kaja, n'kutulutsa zitini ziwiri. Anatema mphini imodzi pa chivindikiro cha mchere, ziwiri pa cha shuga, n'kuziika pamiyendo pa akazi awo. A NyaLuhanga anapapasa ndi chala chachikulu, uku ndi uku, nthawi ndithu.

"Mwatema mokhota," anatero. "Koma zikumveka."