Kamawanga ndi Nyenyezi ya Mchira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene nyenyezi ya mchira inatsala pang'ono kundiphetsera mbuzi. Tinkakhala ku Nachisaka, ine ndi amayi, ndipo mbuziyo, Kamawanga, ndi chokhacho chimene bambo anandisiyira pomwalira. Nthawi imeneyo inali ndi bere, ikuyenda mwakachetechete ngati yanyamula mazira.

Inali nyengo yothyola fodya. Matipate anali atangobwera kumene, pakamwa pa aliyense patatseguka, ndiye nkhani zinkathamanga kuposa njinga. Tsiku lina atsibweni anga a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi, anafika kuchokera kumsika thukuta lili kamukamu. Amvekere wailesi yalengeza kuti chimwala cha kumwamba chikudutsa pafupi ndi dziko.

"Akuti chingodutsa. Koma inu, angakuuzeni kuti mukufa?" anatero. "Anzathu kuseri uku nkhuku amaliza. Ife tife nyama ili m'khola? Mawa mbuziyi igwe."

Kwathu atsibweni ndiwo mwini mbumba, mawu awo sabwezedwa. Ine misozi inangoti mbwembwembwe. Amayi anagwada, nkunena motsitsa: "Achimwene, mpeni suthawa. Tiloleni tione kaye ngati chinthucho chikubweradi kuno."

"Muona ndi chiyani, muli ndi ndege?" Anaseka, komabe anatipatsa mpaka Loweruka.

M'bandakucha, nthawi yomwe tinkadzukira kukathyola fodya dzuwa lisanatenthe, amayi anandiimika pa mzati wapangodya wa chigafa chathu choumitsiramo fodya. Mame ankazizira kumapazi. Nditakweza maso ndinachiona: chinthu chotuwa, ngati wina wapaka ufa kumwamba ndi chala, chili ndi mchira. 

"Usayang'ane kukula kwake," anatero amayi. "Yang'ana anzake oyandikana nacho." Anandilozera nyenyezi ina yofiirira, nkunditambasulitsa mkono kuti ndiyese ndi zala mpata wa pakati pa ziwirizo. Umu ndi mmene iwo ankaonera mitambo ya matalala, mdani wa mlimi wa fodya. Ankaima pa mzati womwewo nkuuyang'anitsitsa mtambo molunjika ndi mtengo wa pachulu. "Wobwera pamunda pako suyenda chammbali. Umangoima pamodzi nkumatupa. Ukauona ukusuntha, ndi wa eni ake."

M'mawa wotsatira chinthu chija chinali chitakula. Mayo ine! Ndinaiwala zala, ndinaiwala zonse, nkuthamangira kukhola. Masana ake atsibweni anakhala pakhonde pathu akunola mpeni pamwala, kwee kwee, uku akuyang'ana Kamawanga ngati ndiwo zapsa kale. Ndinawada tsiku limenelo, sindibisa ayi. Amayi anangopitiriza kusoka fodya, osatukula mutu.

Kutacha kachiwiri anandikokeranso pamzati. "Yesa." Ndinatambasula mkono. Zala zija sizinakwanirenso. Chinthucho chinali chitaipitirira nyenyezi yofiira ija, chikulowera kumpoto. Ndinayesanso ndi dzanja lonse, kuopa kuti maso akundinamiza. Chinasunthadi!

Loweruka amayi anakawadzutsa atsibweni. Anabwera atafunda bulangete, mpeni uli m'manja, naima pamene tinawaimika. Chinthu chija tsopano chinali kutali ndi nyenyezi yofiira, mwakuti ngakhale wamakani sakanatsutsa. Anayang'ana nthawi yaitali, akukanda ndevu.

"Mwina chikukhota kuti chitidzere kumbuyo," anatero.

"Chikakhota tidzakuitanani, achimwene."

Atsibweni anaphulika kuseka, ndipo mpeni uja anakadulira mikangala yopachikira fodya. Ine ndinangoti khathyaa pansi, mtima nkubwerera m'malo mwake. Kenako ndinalowa m'khola nkumukumbatira Kamawanga ndi fungo lake lonselo, iye ali kalikiliki kutafuna chilundu changa.

Pasanathe mwezi anaswa ana awiri. Atsibweni anafika m'mamawa kudzatenga mmodzi, ati chifukwa akanapanda kudziwa kudikira iwo, bwenzi kulibe onsewo. Amayi anangonditsina kuti ndisaseke.

Masiku ano ndikamva pa wailesi kuti kamwala kena kakudutsa pafupi ndi dziko, ndipo akatswiri akukatsata ndi makina awo usiku ndi usiku kuti adziwe njira yake, sindigunda mtima. Ndimadziwa kuti choopsa sachiyang'ana kamodzi nkuthamangira mpeni. Umabwerera pamzati womwewo, nkuyesanso.

Nditakula ndinawafunsa amayi ngati ankadziwadi kuti chinthu chija chidutsa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Za nyenyezi ndikanazidziwira kuti ine? Inenso sindinkagona, mwanawe. Chimene ndinkadziwa n'choti mbuzi ukaipha siidzuka."